Doh sakhala malo amodzi

Oyamba kuphunzira nyimbo amaloweza msanga d r m f s l t d' (doh, ray, me, fah, soh, lah, te ndi doh wapamwamba), koma ambiri amayesa kuti doh ndi batani limodzi pa kiyibodi. Ayi. Mayinawa amanena mtunda wapakati pa mawu, ndipo doh angakhale paliponse pamene nyimbo yaikidwa. Njira imeneyi ya tonic sol-fa anaifalitsa ku England m'busa John Curwen m'zaka za m'ma 1840, potengera nzeru za Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo m'makwaya athu inalowa ndi amishoni.

Yang'anani pa kiyibodi. Mabatani akuda ali m'magulu a awiri ndi atatu. Loyera limene lili kumanzere kwa gulu la awiri ndiye C, ndipo oyera otsatira kumanja ndi D, E, F, G, A, B, kenako C wina. Kuchoka pa batani lina kupita pa loyandikana nalo, kaya loyera kaya lakuda, ndi theka la sitepe. Mukadumpha limodzi, mwayenda sitepe yathunthu. Kuchokera pa doh, masitepe onse ndi athunthu kupatula malo awiri: pakati pa m ndi f, komanso pakati pa t ndi d'. Pamenepo m'pa theka. Mukayambira pa C, mabatani oyera okhaokha akukwanirani, chifukwa pakati pa E ndi F, ndiponso B ndi C, palibe lakuda.

Vuto limayamba nyimbo ikasamukira pa G. Doh tsopano ndi G, ndiye te ayenera kukhala theka la sitepe pansi pake, kutanthauza batani lakuda la F sharp, lomwe lili kumanja kwa F. Mukadina F woyera, te amatsika, sakokeranso khutu kwa doh, ndipo ngakhale amene sadziwa manoti amamva kuti pena palakwika. Mu kiyi ya F, wosamuka ndi fah: amakhala pa B flat, batani lakuda lakumanzere kwa B. Batani la transpose, limene limasamutsa kiyi inu mukudina mabatani omwewo, limathandiza tsiku lofulumira, koma wolidalira nthawi zonse amasowa chogwira akampatsa piyano kapena gitala.

Makodi (magulu a manoti omveka pamodzi) atatu amanyamula nyimbo zambiri za mpingo: d m s, f l d, ndi s t r. Mu C ndiye C-E-G, F-A-C ndi G-B-D. Mu G ndi G-B-D, C-E-G ndi D-F sharp-A. Ya soh (s t r) ili ndi te m'kati, n'chifukwa chake imafuna kubwerera kwa doh kumapeto kwa ndime.

Za nthawi, mu sol-fa mzere woimirira umasonyeza kugunda kwamphamvu, madontho awiri kugunda kofooka, dontho limodzi limagawa kugunda pakati, ndipo kamzere kogona kamati gwirabe mawuwo. Ombani m'manja kaye musanaimbe.

Kwaya ikamatsika, yayamba pa G n'kutsirizira pafupi ndi F, kawirikawiri olakwa ndi me ndi te oimbidwa motsikirako, komanso matheka otambasulidwa kwambiri potsika. Aphunzitsi a kwaya, imbitsani d t d ndi f m f pang'onopang'ono, gulu lililonse palokha, kenako dinani doh pa kiyibodi kuti amve okha ngati akadali pomwe anayambira.