Thomas Elsa Jones, mmishonale amene analandira sukulu ili pamoto

Pamene Thomas Elsa Jones ankafika pa yunivesite ya Fisk mumzinda wa Nashville ku America mu 1926, phulusa linali lisanazizire. Mu 1925 ophunzira anali atanyanyala maphunziro pokana malamulo okhwima a mkulu wa sukuluyo, Fayette McKenzie, mpaka iye anatula pansi udindo. Fisk inali sukulu ya anthu akuda, pomwe Jones anali mzungu wa ku Indiana, wobadwa mu 1888.

Anali wa mpingo wa Quaker, Akhristu okana nkhondo aja amene amatchulana kuti Abwenzi. Asanapite ku Fisk anagwira ntchito ya umishonale ku Japan, naphunzitsa pa yunivesite ya Keio ku Tokyo.

Pa zaka 20 zimene anatsogolera Fisk, zooneka zinalipo. Mu 1928 anabweretsa katswiri wa zachikhalidwe cha anthu, Charles S. Johnson. Kenaka kunabwera mlakatuli James Weldon Johnson. Mu 1930 kunamangidwa laibulale yatsopano, ndipo chaka chomwecho Fisk inakhala sukulu yoyamba ya anthu akuda kuvomerezedwa ndi bungwe loona za makoleji la kummwera kwa dzikolo. Kwa wophunzira, izi zinatanthauza kuti digiri yake ilemekezedwa kwina.

Komatu ndalama zoyendetsera zonsezi zinkachokera kwambiri m'matumba a azungu olemera, ndipo ife ofufuza mbiri ya maphunziro timayamba tafunsa kuti mwini thumba ndani. Mu Disembala 1933 mnyamata wachikuda, Cordie Cheek, anagwidwa pafupi ndi sukuluyo, gulu la azungu n'kukamupha. Wophunzira wina, Ishmael Flory, anamema anzake kuti achite zionetsero, nadzudzulanso zoti kwaya ya sukuluyo ikaimbe m'holo yosankha mtundu. Jones anamuchotsa sukulu mu 1934. Ine ndimati apa mpamene chikhulupiriro cha Abwenzi, choti mwa munthu aliyense muli kuwala kwa Mulungu, chinagonjera mantha oti othandiza angakwiye.

Mu 1946 Jones anabwerera ku Indiana kukatsogolera koleji ya Earlham, kumene iye mwini anaphunzira, mpaka 1958. Anamwalira mu 1973. Mpando umene anausiya ku Fisk unapita kwa Johnson yemwe uja anamulemba ntchito mu 1928, munthu wakuda woyamba kutsogolera sukuluyo chiitsegulireni mu 1866.