Jakisoni wa gentamicin amapulumutsa, koma tcherani khutu ku makutu ndi impso

Mukamva adokotala akuti Gram-negative musaganize kuti ndi dzina la matenda ayi, ndi gulu la mabakiteriya. Dzinali linachokera kwa Hans Christian Gram wa ku Denmark yemwe mu 1884 anapeza njira yopaka mabakiteriya utoto, ena utotowo umakanirira ena umasuluka, osulukawo ndiye ma Gram-negative monga E. coli, Klebsiella ndi Pseudomonas. Ali ndi kachikopa kena kunja komwe kamatchinga mankhwala ambiri, nchifukwa chake amavuta akalowa m'njira ya mkodzo, m'mapapo kapena m'magazi.

Amodzi mwa mankhwala omwe amathana nawo ndi gentamicin, anapezeka mu 1963. Wa mapilitsi kulibe chifukwa salowa m'magazi kudzera m'matumbo, ndiye amabaya mumnofu kapena mumtsempha, nthawi zambiri kamodzi patsiku, ndipo mlingo wake amawerengera makilogalamu a wodwalayo, nchifukwa chake amayamba akukwezani pasikelo. Makanda odwala matenda a m'magazi amapatsidwa limodzi ndi ampicillin kapena penicillin, ndipo ambiri apulumuka nawo.

Koma pano ndipomwe ndikufuna mumvetsetse. Gentamicin amatuluka m'thupi kudzera mu impso, impsozo zikakhala zofooka amachulukana m'magazi nkuyamba kuwononga impso zomwezo komanso mkati mwa khutu. Impso nthawi zambiri zimabwerera mwakale akasiya mankhwalawo, koma khutu likagontha limatha kugontheratu mpaka kalekale, ndiye mukamva m'makutu mukulira, mawu akumveka ngati akuchokera kutali, chizungulire, kuyenda mwadzandidzandi kapena mkodzo wachepa musadikire jakisoni wa mawa, uzani anesi pompo. Ngati mukudwazika agogo kapena mwana inuyo ndiye maso awo, iwo sanganene.

Musanabayidwe nenani ngati muli oyembekezera, muli ndi vuto la impso kapena kumva, kapena mukumwa furosemide, mapilitsi okodzetsa aja, poti awiriwa akakumana khutu limakhala pachiopsezo kwambiri. Akati tiyeze magazi musakane, akufuna aone momwe impso zikugwirira ntchito.

Chonde, zobayitsa kwa munthu wongodziwa kugwira jakisoni zisiyeni. Gentamicin sachiza chimfine, sachiza malungo, ndipo kubaya mwachisawawa kapena kulumpha masiku kumangozoloweretsa mabakiteriya mpaka mankhwalawo osagwiranso. Masiku omwe adokotala alemba ndi omwewo, osachotsera osaonjezera.