Musangodutsa pa Chipata pothamangira ku Mfuwe

Ine ntchito yanga ndi yoperekeza alendo, ambiri amangoti gaidi, ndipo funso lomwe ndimalandira kwambiri pa foni ndi lakuti "akulu, tikafika pa Chipata galimoto ya ku Mfuwe tiyipeza kuti?" Munthu wayenda makilomita pafupifupi 570 kuchoka ku Lusaka, wadutsa Luangwa Bridge, Nyimba, Petauke, Katete, wafika mumzinda wokhala pakati pa mapiri koma mtima uli kale kwa njovu za ku paki ya South Luangwa, yomwe khomo lake ndi Mfuwe, olo kukweza maso ayi. Zimandiwawa ngako zimenezi, chifukwa masiku awiri chabe pano amasintha holide yonse, ndipo ndalama zake ndi zochepa.

Chifukwa choyamba ndi thupi lanu. Chipata ili pamtunda, mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Mfuwe ili m'chigwa cha Luangwa, pafupifupi theka la msinkhu umenewo. Mpweya umazizira ukamakwera, madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse, nchifukwa chake mu Okutobala ku chigwa kumatha kufika madigiri 40 pomwe kuno madzulo kamphepo kakuwomba ndithu. Ndiye munthu wotopa ndi basi ya tsiku lonse akalowa m'ng'anjo ija mawa lake mmawa, tsiku loyamba limathera pabedi mutu ukuwawa. Gonani kuno, miyendo iwongoke.

Manje za kukwera phiri. Ambiri ndimawayambitsa pa Kanjala chifukwa lili m'tauni momwemo, ukafika pamwamba mzinda wonse uli pansi pako, mizikiti ya ku Down Shops, msika wa Kapata, msewu wopita ku boda ya Mwami, komanso mapiri ena otsatizana mpaka maso kutopa. Koma nthawi yonyamukira ndiye nkhani yonse. Ine ndimafuna tikhale tayamba kukwera 05:30 kapena 06:00, dzuwa likamayamba kuluma tikhale tikutsika. Amene amati tidye kaye nsima tikwere masana ndi omwe amabwerera panjira.

Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, kuli kozizira ndipo njira zauma. Nthawi ya dzinja phiri limakongola zedi, lobiriwira, koma miyala imaterera, udzu umatalika kuposa munthu moti suona pomwe ukuponda, komanso mvula ya mabingu ikakupeza pamwamba pa mwala palibe pothawira, mphezi imakonda malo okwera. Kuyambira Ogasiti kupita mtsogolo vuto lina ndi moto, anyamata osaka mbewa amatentha tchire, ndipo moto umathamanga kwambiri ukamakwera phiri kusiyana ndi potsika chifukwa malawi amayamba aumitsa udzu wa kumtunda kwake. Mukaona utsi m'munsi mwanu musathamangire kumtunda, pitani cham'mbali kapena pamwala poyera popanda udzu. Ndipo chonde mudziwe chitedze. Ife okulira kumudzi timachidziwa, koma ana a m'tauni amachigwira poyesa nyemba zokongola, ubweya wake ukakulowa pakhungu umakanda mpaka misozi, ndinaonapo mwana akulira njira yonse yotsika ndipo zinandimvetsa chisoni kwambiri, kuyambira pomwepo ndimaonetsa gulu lonse tisanayambe ulendo.

Zonyamula sizambiri. Madzi malita awiri munthu mmodzi, nshawa zokazinga kapena nthochi, chipewa, thalauzi lalitali, nsapato zogwira pansi osati mapatapata. Anthu ambiri amavulala potsika osati pokwera, maondo atatopa ndipo timiyala tikugubuduka, ndiye tsikani pang'onopang'ono mapazi mutawapingasa. Njoka zilipo koma zimathawa zikamva mgugu, chachikulu musalowetse dzanja m'phanga kapena pansi pa mwala pomwe simukuona. Musakwere nokha, ndipo wina kunyumba adziwe komwe mwapita.

Pali chinthu china chomwe alendo amaiwala, phiri lililonse kumudzi lili ndi eni ake. Mukapita ku mapiri a kunja kwa tauni, kaya ku Mphangwe ku Katete kaya kwina, yambani mwafika kwa a mfumu kapena a nyakwawa, perekani moni, nenani chomwe mwadzera, adzakupatsani mnyamata wodziwa njira ndipo mum'patseko kangachepe. Nkhalango ina yomwe mukuiona yowirira bwino ndi manda, kwina ndi ku dambwe, kosafika munthu wosalowa gule. Ukalowa mosadziwa mlandu wake sutha ndi pepani.

M'mapanga ena a chigawo chino muli zojambula za makolo, monga ku Thandwe kufupi ndi Chipata ndi ku Mkoma cha ku Katete. Zofiira zija, mizere ndi timadontho, ndi zakale kwambiri, za anthu osaka omwe agogo athu ankawatcha Akafula, pomwe zoyera ndi za Achewa, zokhudza nyau ndi chinamwali. Musazigwire ndi manja, musathire madzi kuti chithunzi chiwale pa foni, mafuta a m'manja ndi madzi zimafufuta utoto, ndipo kulemba dzina lanu ndi makala pamwamba pake ndi kuononga chinthu chomwe palibe angachibwezere.

Ngati mungathe kusankha tsiku la holide, lumikizani ndi mwambo. Loweruka lomaliza la Febuluwale kuli Nc'wala ku Mtenguleni, Angoni akuthokoza chifukwa cha zakumunda zoyamba, a Mpezeni, mfumu yawo yaikulu, amalawa mbewu ndipo impi, ankhondo a Angoni, zimalasa ng'ombe yamphongo, ngoma ikamavinidwa nthaka imachita kunjenjemera. Mwambowu unaletsedwa Angerezi atagonjetsa Angoni mu 1898, nkhondo yomwe Nsingo mwana wa Mpezeni woyamba anaphedwa, tauni ino nkuyamba kutchedwa Fort Jameson, ndipo unadzayambiranso mu 1980. Loweruka lomaliza la Ogasiti ndi Kulamba ku Mkaika cha ku Katete, mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kwa Kalonga Gawa Undi, mfumu yawo yaikulu, Gule Wamkulu yemwe UNESCO inamuzindikira mu 2005 mumamuona mitundumitundu tsiku limodzi. Kulamba ndiyo imagwera nthawi yabwino yokwera mapiri. Koma malo ogona gwirirani msanga, maloji amadzaza sabata imeneyo.

Madzulo a masiku wamba kwerani njinga ya hayala muzungulire tauni, gulani chitenje ku Down Shops, idyani nsima ya nkhuku yachikuda ndi chibwabwa chotendera, ngati kuli mpira pitani ku David Kaunda Stadium mukakuwe nawo.

Mukapuma bwino ndiye tsikirani ku Mfuwe, makilomita pafupifupi 130 ndipo msewu ndi wa tala. South Luangwa inakhala paki mu 1972, kukula kwake masikweya kilomita 9,050, kuli nyamalikiti za mtundu wa Thornicroft zomwe kwina kulikonse padziko kulibe, ndipo kuona nyama poyenda pansi kunayambira m'chigwa chimenechi ndi Norman Carr, katswiri wosamalira nyama zakutchire. Miyendo yomwe yazolowera pa Kanjala siyivutika pa ulendo wapansiwo, womwe mumayenda pamzere umodzi mwakachetechete kutsogolo kuli sikauti wa mfuti. Ana osafika zaka 12 malo ambiri sawalola kuyenda pansi, iwo aone nyama ali m'galimoto. Ndipo ngati ndinu mzika ya Zambia nyamulani chitupa chanu cha NRC, pageti mumalipira mtengo wotsika kuposa alendo akunja.