Mmene Mungapezere Mutu wa Kapandamneni wa Dzina m'Chingerezi

Tsiku lina ndikuphunzitsa Fomu 3 ndinalemba pabolodi chiganizo chakuti "The big bag of potatoes that my uncles brought from Ntcheu ... in the kitchen", ndipo ndinauza ophunzira kuti pampata umene ndinasiyawo aikepo "is" kapena "are". Ambiri anasankha "are". Nditafunsa chifukwa chake, mtsikana wina anati mbatatesi ndi zambiri, mnyamata wina anati amalumewo ndi angapo. Kenako ndinawapempha kuti anene chiganizo chomwecho m'Chichewa, ndipo onse ananena kuti thumba lalikulu la mbatatesi limene amalume anabweretsa kuchokera ku Ntcheu lili m'khitchini. Panalibe ngakhale mmodzi amene anati "zili", chifukwa m'chinenero chathu agwirizanitsi monga "la" ndi "li" amakhala akutikumbutsa njira yonse kuti nkhani ndi ya thumba. Chingerezi chilibe zikumbutso zoterozo, choncho wowerenga amayenera kudzipezera yekha liwu limene chiganizo chikunena.

Mawu onse kuyambira pa "The" mpaka pa "Ntcheu" ndi kagulu kamodzi kamene kakugwira ntchito ya dzina, ndipo m'kalasi timakatchula kuti kapandamneni wa dzina, ngakhale kuti mkati mwake mukhoza kubisala nthambi yokhala ndi mneni wakewake monga mmene zilili m'chitsanzochi. Njira yosavuta yodziwira malire a kaguluka ndi kuyesa kuikapo mlowam'malo mmodzi. Apa mawu khumi ndi limodzi onse aja akhoza kuchotsedwa n'kuikapo "it", chiganizo n'kukhalabe cholongosoka. Mkati mwa kaguluka muli dzina limodzi limene ena onse akulifotokoza, ndipo limeneli ndiye mutu. M'chitsanzo chathu mutu ndi "bag", ndipo ndi umene mneni amagwirizana nawo.

Chimene chimasokoneza olankhula Chichewa ndi malo amene mutu umakhala. Ife timayamba ndi chinthu chenichenicho, kenako n'kumachifotokoza: njinga yanga yatsopano yofiira. Mngerezi amayamba ndi zofotokozazo ndipo chinthucho amachitchula pomaliza: "my new red bicycle". Munthu amene khutu lake linazolowera kugwira liwu loyamba ngati mwini wa nkhani amayenera kuphunzira kudikira. Lamulo limene ndimapereka kwa ophunzira anga ndi lakuti awerenge mpaka atafika pa mperekezi woyamba monga "of", "in" kapena "for", kapena pa mawu monga "who", "which" ndi "that", ndipo dzina limene lili pafupi kumanzere kwa mawu amenewa ndiye mutu. Ngati mawu oterewa palibe, mutu ndi dzina lomaliza. Maina a mabungwe amene timawamva tsiku ndi tsiku amasonyeza zimenezi bwino lomwe. Mu "Malawi Revenue Authority" mutu ndi "Authority", n'chifukwa chake m'Chichewa timayamba ndi mawu akuti bungwe. Mu "Reserve Bank of Malawi" mutu ndi "Bank", pakuti "of" watseka mbali yakumanzere, ndipo mu "Malawi School Certificate of Education" mutu ndi "Certificate".

Chingerezi chimakondanso kuika dzina patsogolo pa dzina linzake kuti lilifotokoze, popanda kaliwu kalikonse kolumikiza monga "wa", "ya" kapena "cha". "Flower garden" ndi munda wa maluwa, koma "garden flower" ndi duwa la m'munda, ndipo chasintha ndi dongosolo lokha. Atolankhani ndi olemba makalata a m'maofesi amaunjika maina oterewa mpaka anayi kapena asanu. Mutu wa nkhani wakuti "fuel price hike protest" umamveka msanga ngati muuwerenga chobwerera kumbuyo: zionetsero zotsutsa kukwera kwa mtengo wa mafuta. Liwu lililonse lagwera pamalo ake m'Chichewa, kungoti layambira kumapeto. Dzina lofotokoza linzake kawirikawiri silikhala lochulukitsa, choncho timati "shoe shop" ngakhale sitoloyo ili ndi nsapato zambirimbiri, ndiponso "a three-bedroom house" ndi "a five-year-old child", opanda "s" pa "bedroom" ndi "year". Alipo ochepa amene satsata zimenezi, monga "sports day" ndi "clothes shop", ndipo amangofunika kuwaloweza.

Kumayambiriro kwenikweni kwa kapandamneni kumakhala timawu tolozera monga "a", "an", "the", "this", "my", "some" ndi "every". Pano ndi pamene ndimagwiritsa ntchito cholembera chofiira kwambiri kuposa pena paliponse, ndipo makalata ofunsira ntchito amene achinyamata amandibweretsera amadzaza ndi ziganizo monga "I am holder of diploma", pamene pamafunika "I am a holder of a diploma" kapena mwachidule "I hold a diploma". Anthu ambiri amanena kuti Chichewa chilibe zofanana ndi timawu timeneti, koma ine sindigwirizana nawo kwathunthu. Tikamakamba nthano timati kunabwera munthu wina, ndipo m'chiganizo chotsatira timati munthuyo kapena munthu uja. "Wina" akugwira ntchito yofanana ndi ya "a", yodziwitsa chinthu koyamba, pamene "-yo" ndi "uja" akugwira ntchito ya "the", yosonyeza kuti womvera akuchidziwa kale. Mbiri ya Chingerezi imavomereza zimenezi, chifukwa "a" ndi "an" anachokera ku liwu lakale lotanthauza chimodzi, ndipo "the" anachokera ku mawu olozera a gulu limodzi ndi "that". Kusiyana kwake ndi kwakuti ife tikhoza kusiya "wina" chiganizo n'kumvekabe, pamene m'Chingerezi dzina la chinthu chimodzi chowerengeka siliyenda lokha. Kusankha pakati pa "a" ndi "an" kumatsata kamvekedwe, osati kalembedwe, choncho timati "an hour" ndi "an MP", koma "a university" ndi "a European".

Malo a timawu timeneti ndi amodzi okha, ndipo awiri sangakhalepo nthawi imodzi. M'Chichewa palibe cholakwika kunena kuti mnzanga uyu, ndipo n'chifukwa chake pa minibasi mumamva "this my friend". Pakamwa aliyense amamva tanthauzo lake, koma wochonga mayeso a MANEB amayembekezera "this friend of mine". Mawu ochepa monga "all", "both" ndi "half" ndi amene amaloledwa kutsogola, monga mu "all my children", ndipo manambala amabwera pambuyo, monga mu "my first two children".

Vuto lina ndi la maina amene Chingerezi chimawatenga ngati osawerengeka. "Furniture", "luggage", "equipment", "advice" ndi "information" satenga "a" kapena "s", ngakhale kuti m'maganizo athu malangizo ndi zida ndi zinthu zambiri. Wofuna kunena chimodzi amabwereka dzina lina kuti likhale mutu, monga "a piece of advice" kapena "two items of luggage".

Za afotokozi sindichedwapo kwambiri. Akakhala angapo, chizolowezi ndi kuyamba ndi wosonyeza maganizo a wolankhula, kenako kukula, zaka, maonekedwe, mtundu, kochokera, chopangira ndi ntchito yake, monga mu "a lovely small old brown wooden chair". Ophunzira ena amaloweza mndandandawu ngati ndakatulo, koma kunena zoona, munthu wolemba bwino sadutsa afotokozi awiri kapena atatu, ndipo chokwanira kukumbukira ndi chakuti mfotokozi wonena za chimene chinthucho chili amayandikira dzina, pamene wonena za mmene ine ndikuchionera amakhala kutali. Nthawi zina mfotokozi amatsatira dzina monga mmene ife timachitira. Timati "something new" ndi "nobody important", ndipo maudindo monga "Attorney General" anasunga dongosolo la Chifalansa, chimene chinali chinenero cha akuluakulu ndi cha makhoti ku England kwa zaka zambiri kuchokera pamene a Norman ochokera ku France analanda dzikolo mu 1066. Popeza mutu wake ndi "Attorney", akakhala ambiri timati "Attorneys General".

Kumanja kwa mutu Chingerezi chimafanana kwambiri ndi Chichewa, ndipo ophunzira savutika kumva "the woman in the blue dress", "the road leading to Zomba", "a letter written in haste" kapena "the teacher who helped me". Chovuta ndi chakuti mbali imeneyi ikatalika, mneni amakhala kutali ndi mutu, ndipo dzanja limangogwirizanitsa mneniyo ndi dzina limene lili pafupi. Ndi mmene zimabwerera ziganizo monga "The price of tomatoes have gone up", pamene chakwera ndi mtengo umodzi ndipo pakufunika "has". Mu "One of my friends lives in Mzuzu" dzina lakuti "friends" liyenera kukhala lochulukitsa chifukwa mmodziyo tikumuchotsa pagulu, koma mneni akutsata "one". Posonyeza umwini, Chingerezi chimalola njira ziwiri, yakumanzere monga "my sister's house" imene imakonda anthu ndi nyama, ndi yakumanja monga "the roof of the house" imene imakonda zinthu zopanda moyo, ndipo malo a kachizindikiro ka umwini (') ndi amene amasiyanitsa "the girl's hostel" ya mtsikana mmodzi ndi "the girls' hostel" ya atsikana ambiri.

Lamulo langa loyang'ana kumanzere kwa "of" lili ndi malo amene limalephera, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Mawu monga "a lot of" ndi "a number of" anasiya kukhala mutu n'kuyamba kugwira ntchito yongosonyeza kuchuluka, motero mneni amatsata dzina lakumanja. Timati "A number of students were absent" chifukwa tikunena za ophunzira angapo amene anajomba, koma timati "The number of students has risen" chifukwa tsopano tikunena za chiwerengero chenichenicho, chimene ndi chimodzi.