Mafuta a M'magazi Sachokera M'mbale Mokha

Anthu ambiri akamva kuti cholesterol yawo yakwera amathamangira kuimba mlandu chakudya, chikhalirecho gawo lalikulu la mafuta amenewa limapangidwa ndi thupi lomwe, makamaka m'chiwindi, chifukwa amafunika pomanga maselo ndi kupanga mahomoni ena (timadzi timene timayendetsa ntchito za m'thupi). Vuto limayamba mtundu wotchedwa LDL ukachuluka, popeza umakanirira m'makoma a mitsempha ya magazi n'kumachepetsa njira kwa zaka zambiri, munthu osamva kupweteka paliponse. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa munthu wamkulu aliyense kukayezetsa magazi, ngakhale akhale wochepa thupi, poti kwa ena vutoli ndi lakumtundu. Madokotala ambiri amafuna kuti cholesterol yonse isapitirire 5 mmol/L (muyeso umene umalembedwa pa zotsatira za magazi).

Chimene odwala ambiri sachiwerengera ndi nkhawa. Munthu akapanikizika maganizo kwa miyezi, thupi limatulutsa homoni ya cortisol yochuluka, imene imamupatsa nkhuli ya zotsekemera ndi zonona, ndiponso imaunjika mafuta pamimba. Munthu wotere ndimamuona kawirikawiri: tulo sakuliona, masana sanadye, usiku akudya ali chiimire, mwinanso ndudu ili kumanja. Mafuta a pamimbawa ndiwo amandidetsa nkhawa koposa, chifukwa amayendera limodzi ndi kutsika kwa HDL, mtundu umene umathandiza kubweza cholesterol kuchiwindi.

Mkwiyo wokha suchedwa kuonetsa ntchito yake. Munthu akapsa mtima mpaka manja kunjenjemera, homoni ya adrenaline imafulumizitsa kugunda kwa mtima ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti m'maola awiri otsatira chiopsezo chodwala mtima mwadzidzidzi kapena kugwidwa sitiroko chimakhala chokwera, makamaka kwa amene mitsempha yawo ndi yowonongeka kale. Kuyamba mwachoka pamalopo ndi kukoka mpweya pang'onopang'ono musanayankhe si mantha ayi, ndi kuteteza mtima wanu.

Pa za kuchepetsa thupi, musadzizunze ndi njala. Munthu wonenepa wolemera makilogalamu 90 akataya makilogalamu 5 mpaka 9, zotsatira za magazi ake nthawi zambiri zimayamba kusintha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pamlungu, ndipo kuyenda ndawala n'kokwanira. Ubwino wake ndi woti kumapepukitsanso maganizo ndi kubweretsa tulo. Chepetsani nyama yonona ndi zokazinga, muchulukitse ndiwo zamasamba, zipatso ndi nyemba. Ngati dokotala anakulemberani mankhwala otsitsa cholesterol otchedwa statin, chonde musawasiye panokha chifukwa choti thupi latsika, mpaka mutayezetsanso ndi kukambirana naye.