Kaúlza de Arriaga, kazembe amene nkhondo yake inagwera anthu a ku Tete

Akuluakulu a ku Macanga, Marávia ndi Chifunde, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, akamakumbukira nkhondo ya Apwitikizi amakamba za ndege ndi nkhokwe zotenthedwa, koma dzina la amene ankalamula zonsezi silitchulidwa kawirikawiri. Anali Kaúlza de Arriaga, wobadwira ku Porto mu 1915, injiniya wa usilikali komanso munthu wodalirika wa Salazar, wolamulira wa Portugal pa nthawiyo. Mu 1961 anathandiza kulepheretsa chiwembu cha akuluakulu ena a asilikali chofuna kuchotsa Salazar pampando. Anafika ku Mozambique mu 1969, ndipo mu 1970 anakwezedwa kukhala mkulu wa magulu onse ankhondo a Apwitikizi mu Mozambique.

Chaka chomwecho anaunjika asilikali pafupifupi 8,000 kumapiri a Amakonde ku Cabo Delgado pa nkhondo imene anaitcha Nó Górdio, akuganiza kuti FRELIMO ithera pomwepo. Misasa anailandadi, koma eni ake anali atabalalika kale m'tchire. FRELIMO, imene inatsegula nkhondo ku Tete mu 1968 polowera ku Zambia, inasamutsira mphamvu zake kuno, nkuwoloka Zambezi. Kazembeyo anakakamizika kuika asilikali ambiri olondera damu la Cahora Bassa limene linkamangidwa ku Songo.

Apa ndi pamene anthu wamba anaona zakuda. Pofuna kuti omenyera ufulu asowe wowapatsa ufa ndi wowalozera njira, boma linkasamutsa mabanja mokakamiza kupita kumidzi yolonderedwa yotchedwa aldeamentos. Munthu ankasiya munda, mitengo ya mango ndi manda a makolo ake, kukakhala mothithikana pansi pa mfuti. Wotsala kumudzi kwake ankatengedwa ngati chigawenga. Ambiri anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, katundu pamutu, ana kumsana.

Pa 16 December 1972, makomando pamodzi ndi apolisi achinsinsi a DGS anazinga Wiriyamu, Chaworha, Juawu ndi midzi ina kumwera kwa mzinda wa Tete, nkupha anthu pafupifupi 400. Ena anawatsekera m'nyumba zaudzu nkuziyatsa moto. Kaúlza sanali pamalopo, koma asilikaliwo anali pansi pa ulamuliro wake, ndipo ine sindiona njira yomuchotsera pa mlanduwu. Ansembe Achikatolika ndiwo anasonkhanitsa umboni kwa opulumuka, ndipo bambo Adrian Hastings anaulutsa nkhaniyi mu nyuzipepala ya The Times ku London pa 10 July 1973, kutatsala masiku ochepa kuti Marcelo Caetano, amene analowa m'malo mwa Salazar, akacheze kumeneko. Posakhalitsa kazembeyo anabwezedwa kwawo.

Boma la Caetano litagwa mu 1974, Kaúlza anatsekeredwa m'ndende kuyambira September chaka chomwecho mpaka 1976, koma pa zifukwa za ndale za ku Portugal. Pa za Wiriyamu sanaimepo pakhoti mpaka anamwalira ku Lisbon mu 2004. Chipepeso cha Portugal chinabwera mu 2022, pamene nduna yaikulu António Costa inapepesa ili ku Maputo, patatha zaka pafupifupi 50.