"Ndine chigawenga" si chilolezo chowombera aliyense pa seva

Sabata ino ndamva mawu omwewo katatu, ndipo ndatopa nawo. Mnyamata waphwanya chombo cha mnzake, ndamuitana kuti afotokoze, iye n'kundiyankha mosaphethira kuti, "Ankolo, munthu amene ndimasewera ine ndi chigawenga cha mumlengalenga. Chigawenga chimapempha chilolezo?" Ndakhala adimini wa seva (kompyuta imene osewera onse amakumaniranapo) ya Space Engineers, gemu ya pa intaneti yomanga zombo za mumlengalenga, kwa zaka zingapo, ndikuiyang'anira m'kachipinda kanga ka makompyuta pa boma pano, ndipo pa milandu yonse imene ndimaweruza, uwu ndiye sutha.

Tamverani anyamata inu. Mbiri ya munthu amene mukusewerayo ndi yanu. Mwamupatsa dzina, mwati makolo ake anaphedwa ndi amalonda a dziko lina, ndiye akuyenda ndi mangawa. Zimenezo ine ndimazikonda, ndi zomwe zimakometsa gemu. Koma mbiriyo imangotiuza chifukwa chimene mukufunira kumenya. Funso lakuti mukuloledwa kumenya munthu uyu, pamalo pano, nthawi ino, limayankhidwa ndi malamulo a seva amene munavomera tsiku lolowa, kaya munawawerenga kaya ayi. Msodzi wa ku Makawa akagwidwa ataponya khoka nyanja ili yotseka, a komiti ya padoko samumasula chifukwa choti wanena kuti anabadwira m'bwato. Usodzi wake palibe akuukana. Akufunsa za nyengo.

Kumene kwachokera chisokonezochi ndikukudziwa. Mumaonera mavidiyo a EVE Online pa YouTube n'kumaganiza kuti gemu iliyonse ya mumlengalenga imayenda choncho. EVE, imene kampani ya CCP Games ya ku Reykjavik inatulutsa mu 2003, ndi yankhanza dala: kubera mnzako, kumunamiza, kulowa m'gulu lake ngati bwenzi kenaka n'kulisesa, zonsezo eni gemu amalola. Nkhondo ya m'dera la m'gemu lotchedwa B-R5RB, ya mu Januwale 2014, imene inameza zombo zikuluzikulu za Titan zokwana 75, inayamba chifukwa gulu lina silinalipire ndalama yosungira dera lake. Komabe ngakhale kumeneko malire alipo. M'madera otetezedwa, amene mlingo wa chitetezo chawo ndi 0.5 mpaka 1.0, ukawombera munthu wosalakwa apolisi a m'gemu otchedwa CONCORD amaphwanya chombo chako, ndipo kupeza njira yowazembera ndi mlandu kwa eni gemu. Chigawenga cha mu EVE chimayamba chawerengera zimene chitaye. Sichinena kuti apolisi asachikhudze poti chili ndi mbiri yomvetsa chisoni.

Gemu ina, Elite Dangerous ya kampani ya Frontier Developments, ya 2014, imaonetsa nkhaniyi poyera. Mlalang'amba ndi womwewo, chombo chomwecho, woyendetsa yemweyo, koma polowa umasankha Open (kusewera ndi aliyense), Private Group (gulu la ovomerezedwa okha) kapena Solo (wekha). Mu Open ukhoza kuimitsa wamalonda n'kumulanda katundu. Ukachita zomwezo mu Private Group ya gulu la Mobius, limene linakhazikitsidwa kuti osewera asamamenyane okhaokha, amakutulutsa. Khalidwe la munthu wako silinasinthe. Wangolowa m'nyumba ya eni ake.

Mu Space Engineers mwini seva aliyense amalemba malamulo ake. Athu ndi ochepa ndipo anabadwa kuchokera m'mavuto a kuno. Suukira chombo kapena malo a munthu amene palibe pa intaneti. Usanawombere uyambe walankhula, unene chimene ukufuna, umupatse mpata woyankha. Mlendo amene akadali ndi kachombo koyambira umusiye. Lamulo loyambalo mnzathu wa ku Ulaya akhoza kuliona ngati lofewa. Iye magetsi samuzimira ali pakati pa ulendo, bandulo simuthera usiku ogulitsa mayunitsi atatseka.

Ndipo ndinene mosapita m'mbali: ambiri a inu amene mumabisala kumbuyo kwa mawu oti "ndikusewera khalidwe langa" simusewera khalidwe lililonse. Chigawenga chenicheni chimafuna katundu. Chimaimitsa, chimaopseza, chimakambirana, nthawi zina chimatenga theka n'kumusiya wamalondayo apite kuti mawa adzadutsenso. Pamenepo onse awiri ali m'seweromo, ndipo wolandidwayo ali ndi chofotokozera anzake mawa lake. Koma kufika chete, kuwombera chombo chopanda mfuti, n'kuchoka osatola ngakhale chitsulo chimodzi, ndi sewero lanji limenelo? Ndikamaweruza ndimafunsa chinthu chimodzi: mnzakoyo unamupatsa mbali yanji m'nkhani yako? Ngati yankho ndi lakuti anali chandamale basi, mbiri ya makolo ophedwa ija usandiuze.

Pali mlandu wina umene umandivutabe mumtima. Mwana wa sukulu wa cha ku Namwera, wa Fomu 3, ankabwera Loweruka lililonse, masiku ena n'kumalowa pa kompyuta ya achimwene ake. Anamanga chombo chokumbira miyala kwa milungu itatu, chidutswa ndi chidutswa. Sankayamba ndewu ndi aliyense. Tsiku lina madzulo magetsi anazima kwawo chombo chili panjira, chodzaza. Wina, amene ankadzitcha mfumu ya zigawenga, anachipeza chikuyandama chopanda mwini n'kuchiphwanya chonse. Linali lamulo loyamba lenileni limene anaphwanya, ndipo ndikanadziwa tsiku lomwelo, chombo chikanabwerera.

Mwanayo sanandiuze. Wophwanyayo anamulembera kuti umu ndi mmene gemu imayendera, akalira ndiye kuti ndi khanda, ndipo iye anakhulupirira. Anabwera kwa ine patatha masiku asanu ndi anayi, atamva kwa mnzake kuti lamulo lilipo. Seva yathu imasunga makope a dziko la gemu a masiku ochepa okha, atsopano amafufuta akale. Ndinafufuza usiku wonse, kope la tsiku lija linali litapita. Panalibe chithunzi, panalibe nthawi yolembedwa, uthenga uja anali ataufufuta chifukwa cha manyazi. Ndinatsala ndi mawu a uyu ndi mawu a uyo, ndipo sindithamangitsa munthu pa seva popanda umboni, ngakhale mtima ukundiuza kuti ndi iyeyo.

Choipa kwambiri chinachitika m'masiku ochedwa amenewo. Munthu wina pa Facebook anamulonjeza kuti akhoza "kulowa mkati mwa seva" n'kubweza chombocho. Anamuuza atumize ndalama pa foni, kenaka anapempha pasiwedi ya Steam, sitolo ya pa intaneti yogulako magemu, kuti ntchito itheke. Mwana anapereka zonse. Akaunti, imene inali ya achimwene ake, inapita pamodzi ndi magemu onse ogulidwa. Anayima pakhomo la chipinda changa n'kundifunsa, "Ankolo, ndikawauza bwanji achimwene?" Tinayamba kulembera a Steam limodzi, koma pa seva sanabwererenso.

Asing'anga a pa intaneti amenewa achuluka, ndipo amadya anthu amene ali ndi mkwiyo kapena manyazi. Palibe munthu wakunja amene angabweze chombo chanu kapena kukuchotserani ban (chiletso cholowa) pa seva imene si yake. Amene angachite zimenezo ndi adimini wa seva imeneyo, ndipo adimini woona sakulipiritsani, sapempha pasiwedi. Ogwira ntchito ku Steam nawonso safunsa pasiwedi yanu kapena nambala ya chitetezo ya Steam Guard. Amene akukugulitsani pulogalamu yoti chombo chanu chisaphwanyike akukugulitsani ban, mwinanso ndi kachilombo kobera zinthu m'kompyuta. Mu EVE, kugula ISK (ndalama za m'gemu) kwa anthu apambali ndi ndalama zenizeni n'koletsedwa. Njira yovomerezeka ndi PLEX, chinthu chimene umagula kwa eni gemu n'kuchigulitsa m'gemu kuti upeze ISK.

Inunso ozunzidwa ndili nanu mawu. Kuzula waya kapena kutseka gemu mwadala pamene nkhondo yovomerezeka yakuipirani ndi kuphwanya lamulo chimodzimodzi. A Frontier amakutenga ngati chinyengo, n'chifukwa chake mu Elite ukafuna kutuluka uli pangozi umadikira masekondi 15. Kuno vuto ndi lakuti magetsi amazimadi, ndiye aliyense wonama kuti azima amachititsa kuti ndikayikire wonena zoona. Akazima muli pankhondo, lembani pa gulu lathu la WhatsApp nthawi yomweyo, foni ikadali ndi moto, munene dera limene muli. Anzanu a dera lomwelo amachitira umboni.

Mukaukiridwa mosatsata malamulo, jambulani sikirini, ngakhale ndi foni. Lembani ola, dzina la wosewerayo ndi malo amene chombo chinali. Uthenga uliwonse umene wakutumizirani musaufufute, ngakhale ndi wachipongwe. Musabwezere, chifukwa mukabwezera ndidzaweruza milandu iwiri. Munditumizire zonsezo tsiku lomwelo, kope la seva lisanafufutike.